Momwe mungasanthulire zifukwa za kuukira kwa ku Dublin mu 1916

Tsiku loyamba limene ndinaima kutsogolo kwa ophunzira kuti ndifotokoze chimene chinachititsa anthu a ku Ireland kuukira ulamuliro wa Britain pa Pasaka wa 1916, ndinayambira pa njala. Ndinaikamba njalayo mpaka kalasi yonse inangoti zii: mbatatesi kuwolera m'nthaka kuyambira 1845, anthu pafupifupi miliyoni imodzi kufa, enanso ochuluka chimodzimodzi kukwera zombo kuthawira kunja. Nditamaliza, mtsikana wina wa kumbuyo anakweza mkono. "Aphunzitsi, ngati inali njala, nanga anadikiriranji zaka 70?" Ndinayang'ana choko chimene chinali m'manja mwanga ngati yankho lalembedwa pamenepo. Belu ndi limene linandipulumutsa.

Funso la mwana uja ndi limene linandiphunzitsa njira imene ndikupatsani pano. Madandaulo a Ireland pa Britain ndi ambiri, mukhoza kudzaza nawo kope lonse. Koma madandaulowo analipo mu 1890, analiponso mu 1905, ndipo mfuti sizinalire. Ntchito yanu ndi kupeza chimene chinasintha, komanso amene anachidyerera.

Yambani ndi sabatayo, muwerenge mitu

Musanafunse kuti chifukwa chiyani, dziwani kaye kuti anali ndani, angati, ndipo kuti. Lolemba la Pasaka, pa 24 Epulo 1916, cha m'ma 12 koloko masana, amuna ndi akazi pafupifupi 1,200 analanda nyumba zingapo mu mzinda wa Dublin. Likulu lawo linali positi ofesi yaikulu ya mu msewu wa Sackville, umene lero umatchedwa O'Connell. Patrick Pearse, mmodzi wa atsogoleri awo, anatuluka panja n'kuwerenga chikalata cholengeza kuti Ireland tsopano ndi dziko loima palokha, lopanda mfumu. Loweruka pa 29 Epulo anagonja. Anthu pafupifupi 485 anafa, ndipo oposa theka anali anthu wamba. Kunja kwa Dublin kunachitika zochepa, ku Ashbourne, ku Enniscorthy ndi ku Galway.

Tsopano ikani nambala ina pambali pake. Dzikolo linali ndi anthu pafupifupi 4.4 miliyoni. Amuna a ku Ireland pafupifupi 200,000 anagwira usilikali kumbali ya Britain pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Sabata yomweyo ya kuukirako, asilikali oposa 500 a gulu la 16th Irish Division anafa ku Hulluch, ku France, Ajeremani atawapopera mpweya wapoizoni. Ndiye kuti amene anafa atavala yunifolomu ya mfumu ya Britain sabata imeneyo anachuluka kuposa onse amene anafa mu Dublin.

Manambala amenewa ndimawalemba pa bolodi ndisanayankhule china chilichonse, chifukwa amasintha funso. Simukufunsanso kuti n'chifukwa chiyani dziko la Ireland linaukira, poti dziko silinaukire. Mukufunsa kuti n'chifukwa chiyani kagulu kochepa kanaganiza kuti nthawi yakwana, kanapeza kuti mfuti, ndipo kanapeza bwanji anyamata ophunzitsidwa kale kuguba.

Mukatero, pezani chikalata chimene Pearse anawerenga chija, muchiwerenge nokha. N'chachifupi, tsamba limodzi. Anachisindikiza ku Liberty Hall, likulu la bungwe la ogwira ntchito, ndipo zilembo za makina zinali zosakwanira moti anasindikiza theka lapamwamba, n'kumasula zilembozo, kenako theka lapansi. Muone zimene chikutchula: kuukira kasanu ndi kamodzi m'zaka 300 zapitazo, ana a Ireland amene ali ku America, ndi abwenzi a ku Ulaya, kutanthauza Germany. Muonenso zimene sichikutchula. Njala ija mulibemo.

Chifukwa chilichonse muchifunse funso limodzi

Tengani pepala, muligawe patatu. Gawo loyamba mulembe 1801 mpaka 1911, lachiwiri 1912 mpaka 1914, lachitatu 1914 mpaka 1916. Chifukwa chilichonse chimene mwapeza muchiike pa gawo lake, ndipo musanachilembe muchifunse kuti: kodi iwe unadzutsa ndani, ndipo unamuika chiyani m'manja? Chikalephera kuyankha, chisiyeni pambali. N'kutheka ndi nkhani yoona, yomvetsa chisoni, koma sichinanyamule munthu kupita naye ku positi ofesi.

Gawo loyambalo musachedwepo. Lamulo la mgwirizano limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1801 linathetsa nyumba ya malamulo ya ku Dublin, ndipo aphungu a ku Ireland anayamba kukakhala ku London. Apa ndi pamene panabadwira mkangano wonse wa zaka zana lotsatira, choncho lilembeni. Njala nayo imalowa, koma polowera pake si pamene ndinkaganiza ine. Anthu amene anathawira ku America anapita ndi mkwiyo wawo, ana awo anapeza ntchito ndi ndalama, ndipo bungwe lawo la Clan na Gael, lotsogozedwa ndi John Devoy ku New York, ndi limene linkatumiza ndalama ku Dublin komanso kulumikizana ndi kazembe wa Germany. Njala inaika ndalama ndi mthenga m'manja mwa oukira. Mukailemba choncho, funso la mtsikana uja layankhidwa.

Chinanso cha m'gawoli ndi bungwe lachinsinsi la Irish Republican Brotherhood, mwachidule IRB, limene linakhazikitsidwa mu 1858. Linayesa kuukira mu 1867 koma zinakanika, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 linali litangotsala la madoda okumbutsana zakale. Munthu woti mumutsate ndi Thomas Clarke. Anakhala zaka 15 m'ndende za ku England pa mlandu wa mabomba, anakakhalako ku America, n'kubwerera ku Dublin mu 1907 kukatsegula kashopu ka fodya ndi manyuzipepala. M'kashopu kameneko ndi mmene iye ndi mnyamata wina, Seán Mac Diarmada, anaukitsira bungwe lija. Dzina la Clarke ndi limene lili loyamba pa mayina asanu ndi awiri a pansi pa chikalata.

Nkhani ya malo ndi imene imagwetsa ambiri. Ophunzira amakonda kulemba za eni minda ankhanza, lendi yokwera ndi mabanja othamangitsidwa. Zinachitikadi zimenezo, ndipo bungwe la Land League la Michael Davitt ndi Charles Stewart Parnell linalimbana nazo kuyambira 1879. Koma lamulo la malo la 1903 linabwereketsa alimi ndalama zogulira minda imene ankalimamo, ndipo pofika 1914 ambiri anali eni ake kapena akulipirabe pang'onopang'ono. Makhonsolo osankhidwa ndi anthu analipo kuyambira 1899, okalamba ankalandira penshoni, ndipo nkhondo itayamba mitengo ya zokolola inakwera. Mlimi wa 1916 anali ndi zambiri zoti angataye. Nkhani ya malo imakuthandizani kufotokoza chifukwa chimene midzi inakhalira chete, ndipo mukaigwiritsa ntchito motero owerenga adzaona kuti mwaganiza.

Chilankhulo ndi masewera zimalowa pakati pa gawo loyamba ndi lachiwiri. Gaelic Athletic Association inayamba mu 1884, Gaelic League mu 1893. Sanali mabungwe ankhondo, ndipo Douglas Hyde, mtsogoleri woyamba wa Gaelic League, ankafunitsitsa kuti ndale zisalowemo. Koma m'makalasi ophunzira chilankhulo cha makolo ndi m'mabwalo a masewera ndi mmene achinyamata anadziwirana, n'kuyamba kudziona ngati mtundu wina, wosiyana ndi Angelezi. Pearse, Thomas MacDonagh ndi Éamonn Ceannt onse anadutsira ku Gaelic League. A IRB ankangobwera kudzasankha okhwima.

Gawo lachiwiri: apa khalanipo

Mukakhala ndi ola limodzi lowerenga, theka lake lithere pa zaka ziwiri zimenezi. Ineyo ndimakhulupirira kuti popanda zimene zinachitika pakati pa 1912 ndi 1914, sipakanakhala kuukira mu 1916, ngakhale madandaulo onse akale akanakhalapo.

Anthu ambiri a ku Ireland nthawi imeneyo sankafuna kuchoka mu ufumu wa Britain. Ankafuna chimene chinkatchedwa Home Rule, kutanthauza nyumba ya malamulo ku Dublin yoyendetsa za pakhomo, pamene za nkhondo ndi za maiko akunja zikhalabe ku London. Bilu yake inagwa mu 1886. Mu 1893 inadutsa m'nyumba ya aphungu koma nyumba yachiwiri, ya anthu osasankhidwa, yotchedwa House of Lords, inaikana. Kenako zinthu ziwiri zinasintha. Zisankho za 1910 zinasiya boma la Herbert Asquith likudalira mavoti a chipani cha John Redmond, cha aphungu a ku Ireland ofuna Home Rule, ndipo lamulo la 1911 linalanda House of Lords mphamvu yokaniratu bilu, n'kungoisiyira mphamvu yochedwetsa kwa zaka ziwiri. Bilu yachitatu itabwera mu 1912, aliyense anawerengetsera kuti pofika 1914 zatheka. Redmond anali atapambana potsata malamulo, popanda kuwombera chipolopolo ngakhale chimodzi.

Amene anayamba kunyamula mfuti ndi anthu otsutsa Home Rule. Apa ophunzira anga amadabwa chaka chilichonse. Kumpoto, m'chigawo cha Ulster, kunali Apulotesitanti ambiri, ena a iwo zidzukulu za anthu amene anabwera kuchokera ku Scotland ndi ku England kuyambira 1609. Ankaopa kulamulidwa ndi nyumba ya malamulo yodzaza Akatolika, ankaopanso za mafakitale awo a zombo ndi nsalu ku Belfast. Pa 28 Seputembala 1912, motsogozedwa ndi Edward Carson ndi James Craig, anayamba kusaina pangano lokana Home Rule mwa njira iliyonse, ndipo amuna ndi akazi pafupifupi theka la miliyoni anasaina. Mu Januwale 1913 anakhazikitsa gulu lankhondo la Ulster Volunteer Force. Andrew Bonar Law, mtsogoleri wa chipani chotsutsa cha Conservative ku London, anawaikira kumbuyo poyera.

Boma silinawagwire. Anthu a kummwera anaona, n'kunena kuti ngati kuguba ndi mfuti kukuloledwa, nafenso tiguba. Pa 25 Novembala 1913 ku Dublin kunabadwa Irish Volunteers, mtsogoleri wake Eoin MacNeill, mphunzitsi wa mbiri yakale ku yunivesite. Cholinga chimene chinanenedwa poyera chinali kuteteza Home Rule. Koma a IRB anali atalowa kale m'komiti yake. Bungwe limene kwa zaka makumi linalibe asilikali linapeza gulu lankhondo loguba masana, apolisi akuonerera.

Kenako ikani zochitika zitatu za 1914 motsatizana, chifukwa mphamvu yake ili pa kutsatizanako. Mu Malichi, ku kampu ya Curragh, maofesala pafupifupi 60 a gulu lankhondo la Britain ananena kuti kuli bwino atule pansi udindo kusiyana n'kukalimbana ndi anthu a ku Ulster, ndipo boma linabwerera m'mbuyo. Usiku wa pa 24 Epulo, a Ulster Volunteer Force anatsitsa mfuti pafupifupi 25,000 zogula ku Germany, zambiri pa doko la Larne, n'kuzimwaza pa magalimoto usiku womwewo, popanda womangidwa. Pa 26 Julayi a Irish Volunteers nawo anatsitsa zawo ku Howth, pafupi ndi Dublin, kuchokera m'boti la Erskine Childers lotchedwa Asgard. Zinali mfuti 900 zokha, zachikalekale. Ulendo uno apolisi ndi asilikali anatumizidwa kukazilanda. Sanaphule kanthu, ndipo pobwerera ku kampu khamu la anthu linkawatsatira likuwakuwiza ndi kuwagenda. Atafika pa Bachelor's Walk, m'mbali mwa mtsinje wa Liffey, asilikaliwo anatembenuka n'kuwombera. Anthu atatu anafera pomwepo, wachinayi anafa pambuyo pake, ndipo oposa 30 anavulala.

Ndikafika pamenepa ndimalemba mawu awiri okha pa bolodi, Larne ndi Howth, n'kukhala pansi. Sipapita mphindi, wina amanena yekha kuti lamulo linali ndi maso. Mnyamata wa ku Dublin wa 1914 naye anaona chomwecho, ndipo anaphunzirapo kuti ku London amamvera wonyamula mfuti kuposa woponya voti. M'yankho lanu chiganizo chimenechi chisasowe.

Muli m'gawo lomweli musaiwale umphawi wa mu Dublin, ngakhale ena amaudumpha. Mabanja oposa 20,000 ankakhala m'chipinda chimodzi banja lililonse, m'nyumba zakale zosanja zimene eni ake olemera anazisiya. Mu Seputembala 1913 nyumba ziwiri zoterozo zinagwa mu Church Street n'kupha anthu asanu ndi awiri. Kuyambira Ogasiti chaka chomwecho mabwana a makampani, motsogozedwa ndi William Martin Murphy, anatsekera kunja ogwira ntchito pafupifupi 20,000 chifukwa cha bungwe la ogwira ntchito la James Larkin, ndipo apolisi anakwapula anthu ndi zibonga m'misewu. Ogwira ntchito anagonja kumayambiriro kwa 1914. Chimene chinatsalapo ndi kagulu kodziteteza ka Irish Citizen Army, kamene pambuyo pake kanali m'manja mwa James Connolly. Funso lathu lija likuyankhika bwino apa: umphawi unadzutsa Connolly, n'kumuika m'manja anthu pafupifupi 200 okonzeka kumenya. Koma samalani. Murphy uja anali Mkatolika wa ku Ireland, wokonda Home Rule. Mdani wa Connolly sanali Mngelezi yekha, ndipo zifukwa zake sizinali zofanana ndi za Pearse ngakhale anagona m'positi ofesi imodzi.

Gawo lachitatu: nkhondo ndi anthu asanu ndi awiri

Nkhondo inayamba mu Ogasiti 1914. Pa 18 Seputembala Home Rule inakhala lamulo, koma tsiku lomwelo lamulo lina linaimitsa kugwira ntchito kwake mpaka nkhondo itatha, ndipo nkhani ya Ulster inasiyidwa ili lendelende. Patangopita masiku awiri, Redmond akuyankhula ku Woodenbridge anauza a Volunteers kuti apite kulikonse kumene kuli nkhondo. Gululo linang'ambika. Oposa 150,000 anatsata Redmond, ndipo cha m'ma 12,000 anatsala ndi MacNeill. Muone bwino apa: kuchepako kunathandiza a IRB, chifukwa gulu laling'ono la anthu okwiya ndi losavuta kuligwira kusiyana ndi chinamtindi cha anthu omvera Redmond.

Nkhondo inachita zinthu zingapo nthawi imodzi, ndipo ndi bwino kuzilekanitsa. Inatangwanitsa Britain. Inapereka mnzake wa mdani, Germany, woti n'kupemphako zida. Inafooketsa Redmond, chifukwa nkhondo imene anthu ankati itha msanga inangopitirira, mayina a akufa ku Gallipoli ndi ku France akuchuluka, Home Rule osaoneka. Mu Meyi 1915 Carson, yemwe uja anakonza gulu lankhondo lokana lamulo, analowa m'boma la mgwirizano ngati mkulu wa zamalamulo. Mu Januwale 1916 ku Britain kunayamba kulemba usilikali mokakamiza. Lamulolo silinafike ku Ireland, koma mantha anafika.

Komabe nkhondo payokha sikanatulutsa munthu m'nyumba. Atsogoleri a IRB anagwirizana nkhondo itangoyamba kuti kuukira kuchitike isanathe, ndipo mu 1915 anapanga kakomiti kankhondo kachinsinsi, kobisika ngakhale kwa akuluakulu ena a bungwe lawo lomwe. Pomaliza munali anthu asanu ndi awiri: Clarke, Mac Diarmada, Pearse, Ceannt, Joseph Plunkett, MacDonagh ndi Connolly. Connolly anamulowetsa mu Januwale 1916 chifukwa ankaopseza kuti ayamba yekha ndi anthu ake ochepa aja, zomwe zikanaononga mapulani onse. Ngati mukufuna kumva maganizo a Pearse, werengani zimene anayankhula pa manda a Jeremiah O'Donovan Rossa, mkhalakale wa IRB, ku Glasnevin pa 1 Ogasiti 1915. Kwa iye, mbadwo umene sunakhetse magazi chifukwa cha ufulu unali mbadwo wochititsa manyazi, ndipo imfa ya ochepa ikanadzutsa ambiri. Ena amafotokoza kuukira konse ndi maganizo amenewa a nsembe ya magazi. Ine ndimawapatsa malo ochepa. Anthu ongofuna kufa savutika kuitanitsa mfuti 20,000 kuchokera ku Germany, monga anachitira iwo.

Sabata yomaliza muifotokoze mwatsatanetsatane, chifukwa ndi umboni wabwino koposa wosonyeza kuti kuukiraku kunali chiwembu cha ochepa. MacNeill, mtsogoleri wa Volunteers, sankadziwa. Iye ankati nkhondo ndi yoyenera pokhapokha boma litayesa kuwalanda zida kapena kuwakakamiza usilikali. Anyamata wamba anangouzidwa kuti Lamlungu la Pasaka kuli maphunziro a kuguba. MacNeill anatulukira chilungamo Lachinayi usiku. Tsiku lomwelo sitima ya Aud, itanyamula mfuti za ku Germany zija, inafika ku gombe la Tralee koma sinapeze woilandira. Inalibe wayilesi, ndiye uthenga wosintha tsiku sunaipeze. Zombo za Britain zinaigwira, ndipo Loweruka woyendetsa wake anaimiza dala pafupi ndi doko la Cork. Roger Casement, amene anapita ku Germany kukapempha thandizo, anatsika m'sitima yoyenda pansi pa madzi ku Banna Strand Lachisanu Loyera n'kugwidwa tsiku lomwelo. Chodabwitsa n'chakuti iye ankabwera ndi maganizo oti kuukirako kuimitsidwe, poona kuti thandizo la Germany lachepa.

MacNeill atamva za sitimayo analemba chilengezo choletsa kuguba kulikonse, ndipo chinatuluka m'nyuzipepala ya Sunday Independent m'mawa wa Pasaka. Asanu ndi awiri aja anakumana ku Liberty Hall n'kungosuntha tsiku kupita Lolemba. Ankadziwa kuti mfuti zamira, ankadziwanso kuti ambiri sabwera. Koma Casement atagwidwa, kumangidwa kwawo kunali pakhomo, ndipo zoonadi akuluakulu a boma ku Dublin Castle anali akukambirana zowagwira. Madzi anali atafika m'khosi. Pa funso lakuti n'chifukwa chiyani Lolemba limenelo, yankho lake ndi limeneli.

Maenje amene ndimaona anthu akugweramo

Loyamba ndi Sinn Féin. Manyuzipepala ndi akuluakulu a boma anatcha kuukirako dzina la chipanichi, ndipo dzinalo linakakamira. Chipani cha Arthur Griffith, chimene chinayamba mu 1905, sichinakonze kuukiraku, ndipo Griffith mwini sanamenye nawo. Chinadzapindula pambuyo pake. Mukalemba Sinn Féin pa mndandanda wa zifukwa, wodziwa nkhaniyi asiyira pomwepo kukukhulupirirani.

Lachiwiri ndi kuwerenga mbiri chobwerera. General John Maxwell, mkulu wa asilikali a Britain, atapatsidwa mphamvu, anthu 15 anawomberedwa pakati pa 3 ndi 12 Meyi, Connolly atamumangirira pa mpando chifukwa bala la mwendo linkamulepheretsa kuima. Casement anapachikidwa ku London pa 3 Ogasiti. Anthu pafupifupi 3,500 anagwidwa, ambiri osakhudzidwa n'komwe, ndipo mazanamazana anakatsekeredwa ku Frongoch, ku Wales. Zimenezi zinatembenuza mitima, moti pa zisankho za Disembala 1918 Sinn Féin inapeza mipando 73 mwa 105. Poti mapeto ake tikuwadziwa, n'kosavuta kuganiza kuti anthu anali kale kumbali ya oukira. Sizinali choncho. Akaidi akudutsa m'misewu ina ya Dublin anakuwizidwa, makamaka ndi amayi amene amuna awo anali ku nkhondo ndipo ndalama zawo za sabata zinaima chifukwa cha chipwirikiticho. Zonse za pambuyo pa 29 Epulo ndi zotsatira. Zisungireni funso lina.

Lachitatu ndi kuifupikitsa nkhaniyi kukhala ya Akatolika ndi Apulotesitanti. Chipembedzo chinalimo, makamaka ku Ulster, ndipo ambiri mwa oukira anali Akatolika opemphera kolona. Koma Childers wa boti lija anali Mpulotesitanti, Hyde naye, Parnell naye. Bambo ake a Pearse anali Mngelezi. Clarke anabadwira ku England, bambo ake ali msilikali wa Britain. Connolly anabadwira ku Edinburgh ndipo paunyamata wake anagwirapo usilikali wa Britain. Mzere wogawa anthu sunadutse pakhomo la tchalitchi pokha.

Polemba yankho lenileni

Pepala lanu lija likadzaza, musalikopere mmene lilili kuyambira 1801 kutsika. Mukatero mudzafika pa 1912 nthawi ndi inki zitatha, ndipo zonenepa zonse zili kumeneko. Chiganizo choyamba chinene maganizo anu. Langa limakhala lotere: kuukira kwa 1916 kunakonzedwa ndi kagulu kachinsinsi ka IRB, kanatheka chifukwa mkangano wa Home Rule unabweretsa magulu ankhondo m'ndale za Ireland, ndipo kanachitika chaka chimenecho chifukwa cha nkhondo ya ku Ulaya. Kenako ndime imodzi ya zakale, ziwiri kapena zitatu za 1912 mpaka 1914, imodzi ya Connolly ndi ogwira ntchito, ziwiri za nkhondo ndi sabata yomaliza.

Mukhoza kutsutsana nane pa kulemera kwa zifukwazi, ndipo olemba mbiri amatsutsanadi. Wina adzati nkhondo ndi imene ikhale patsogolo, poti popanda nkhondo Home Rule ikanayamba kugwira ntchito mu 1914 ndipo Clarke akanafera m'kashopu kake. Ndi mfundo yamphamvu. Yankho langa limakhala lakuti nkhondo ikanapeza a IRB alibe asilikali Carson akanapanda kuyamba, koma ndimapereka malikisi onse kwa wophunzira amene watsutsa zimenezi ndi umboni. Njira yoyesera ndi yomweyo: chotsani chifukwa chimodzi m'maganizo mwanu, muone ngati anthu 1,200 aja akanafikabe pa positi ofesi Lolemba masana. Chotsani lendi ya minda, afikabe. Chotsani Larne ndi Ulster Volunteer Force, muone amene atsale mu msewu wa Sackville, ndi chimene anyamule m'manja.